Kusankha Oyilo wa Galimoto

Lero tikambe za oyilo wa injini wotchedwa synthetic, amene otsatsa malonda amamutamanda kwambiri. Zoonadi, oyilo ameneyu amapirira kutentha ndipo amachedwa kuwonongeka. Koma dzina lokha si umboni. M'chaka cha 1999 ku America, kampani ya Mobil inadandaula kuti Castrol ikutcha synthetic oyilo woyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, koma bungwe loona za kutsatsa malonda linaikira kumbuyo Castrol.

Tsono musanagule, tsegulani buku la galimoto yanu. Likanena 5W-30 ndi API SN, funani zomwezo pabotolo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Injini ikafa, wolipira makaniko ndinu. Tsalani bwino.