Mvula ya M'wailesi

Potozani wailesi yanu kufikira pamalo popanda siteshoni. Mukumva kuti "shiii"? Musaimenye, sinawonongeke ayi. Gawo lina la phokosolo likubadwira m'kati mwake momwemo.

Magetsi, kaya a ku Kafue Gorge kaya a m'batire, sayenda mosalala ngati madzi a mumpope. Amanyamulidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maelekitironi. Kutentha kumatigwedeza, ndipo podutsa pamalo popanikiza sititsatana mwadongosolo. Kumbukirani mvula padenga la malata: ikachuluka mumangomva mkokomo umodzi, ikamawaza mumamva dontho lililonse palokha. Walter Schottky wa ku Germany anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1918.

M'nthambo yonenepa phokosoli silivutitsa. Koma tinjira ta magetsi ta m'foni n'tochepa kuposa tsitsi lanu koposa ka 1,000, ndipo m'tinjira totero "madontho" amamveka. Mu 1997 akatswiri a ku Israel ndi ku France anamvetsera phokoso lotere m'tinjira tozizira zedi, nayeza nalo mphamvu ya dontho limodzi.

Aphunzitsi, ana atsinzine. Inu gwetsani mchenga palata, poyamba pang'onopang'ono, kenaka wambiri, ndipo iwo anene chimene amva.