Piyano Nayonso Imalakatula

Wotsogolera mwambo uno, inu nonse amene mwathamanga pokonza za usiku uno, mayi athu amene mutiimbire piyano, bambo amene mutiwerengere, amayi ndi abambo, landirani ulemu wanga.

Kalata yondiitana itafika, ndinaona kuti nyimbo za piyano mwaziphatikiza ndi zolemba za alembi, ndipo mtima unathamangira kwa agogo anga aakazi. Iwo akamakamba nthano madzulo sankangoyankhula mpaka kumapeto ayi. Pofika pamene mwana wamasiye watsala yekhayekha kudambo, mawu ankawachepera, basi n'kuyambitsa nyimbo, ife n'kumavomera. Nthano yopanda nyimbo inali ndiwo zopanda mchere. Ndiye zimene mwakonzazi ine sindikuziona zachilendo.

Anzathu a ku Ulaya ubale umenewu ankaudziwanso. Mu 1840 Franz Liszt, katswiri wa ku Hungary, pokaimba piyano ku London analengeza mwambo wake ndi liwu limene Angelezi ankatchulira kulakatula ndakatulo. Dzinalo linakanirira mpaka lero. Robert Schumann, mwana wa wogulitsa mabuku, nyimbo zake za Kreisleriana za mu 1838 anazitcha dzina la woimba wa m'nthano za E.T.A. Hoffmann.

Koma pa ndondomeko yonse, chimene chandigwira mtima ndi kalata ya Beethoven. Anailemba mu Okutobala 1802 m'mudzi wa Heiligenstadt, kunja kwa Vienna, ali ndi zaka 31, makutu atayamba kale kugontha. Ankalembera abale ake awiri, Carl ndi Johann, kuwaululira chimene chinkamuthawitsa pagulu, ndiponso kuti anatsala pang'ono kudzipha koma luso lake ndilo linamugwira dzanja. Kalatayo sanaitumize. Anthu anaipeza m'mapepala ake atamwalira mu 1827. Taganizani, zaka 25 munthu akusunga kalata yoteroyo, uku akupeka nyimbo zimene makutu ake ankalephera kumva! Mukaimva ikuwerengedwa, nyimbo yotsatirayo simuimva ngati mmene munkaimvera kale.

Chenjezo langa ndi limodzi. Mawu amatsegula khomo, koma nthawi zina amathanso kuphimba. Nyimbo ya Beethoven ya mu 1801 imene mayi atiimbire, dziko lonse limaitcha ya kuwala kwa mwezi. Dzinalo si la Beethoven. Linachokera kwa mlakatuli Ludwig Rellstab, amene anayerekeza chigawo choyamba ndi mwezi ukuwala pa nyanja ya Lucerne. Pa chigawo chimenecho sanalakwitse. Koma dikirani chachitatu: mwezi mulibemo, muli mphepo ya mwera yeniyeni, ija imabweza asodzi kumtunda. Alembi tiwamvere, komabe makutu tisawabwereketse.

Masana ano ndinafika mofulumira, n'kupeza mmisiri akuchuna piyanoyi. Anandilola kusuzumira m'kati. Ndinaona tinyundo tokutidwa ndi ubweya titandandalika pamzere, kiyi aliyense mwa makiyi 88 ali ndi kanyundo kake, nsambo zoposa 200 zitakungika kuti nga. Anagunda kiyi mmodzi kambirimbiri, mutu atapendeketsa, mpaka nkhope inamasuka. Bambo ameneyu nayenso timuthokoze. Bartolomeo Cristofori atapanga chida ichi ku Florence cha m'ma 1700, chachilendo chake chinali choti chala chimatha kuchinong'onetsa kapena kuchifuulitsa, ndipo liwu lakuti piyano m'Chitaliyana limanena za kuimba motsitsa. Nyimbo ya usiku uno imayamba ndi manong'onong'o oterowo.

N'chifukwa chake ndikupempha tithimitse mafoni, ndipo m'manja tiombe chigawo chachitatu chikatha, osati pakati. Kwa agogo tinkayankha kuti tili tonse kuti adziwe kuti sitinagone. Muno mayi adziwa kuti tili nawo tikakhala chete.

Bambo, kalata ija itsegulidwe. Mayi, piyano ndi imeneyo.