Mabuleki a Galimoto ya Matayala Aakulu

Lero tikamba za mabuleki. Eni magalimoto onga Land Cruiser, oyenda m'matope a ku cigwa ca Luangwa, akonda kuika matayala aakulu. Tayala lalikulu n'lolemera, ndipo libvuta kuliimitsa. Motero mapadi, tizidutswa tija timene tigwira cimbale cacitsulo ca gudumu, atentha kwambiri potsika phiri. Akatenthetsa aleka kugwira, ndipo anthu angafe.

Cifukwa cace mwini galimoto asankhe mapadi osakaniza ndi citsulo, opirira kutentha, a muyeso woyenera galimoto yace. Asinthe a kumanja ndi a kumanzere pamodzi, kuopa kuti galimoto ingapatukire kumbali poima.

Tsopano tikitani zikhatho zanu mwamphamvu. Mwamva kutentha? Ndimo atenthera mapadi.