Za Malire a Maiko ndi Kusinthika Kwao

Mau olankhulidwa kwa mpingo ndi kwa aphunzitsi a m'midzi pa Ulongwe

Abale anga, amuna ndi akazi, ndi inu aphunzitsi amene mwachokera ku midzi ya kwa Kalembo ndi ya m'mbali mwa Malombe, tcherani khutu. Pa khoma la sukulu pakhala pepala lija la mapu, ndipo ana poliona ayesa kuti mizere yache inakhalapo chiyambire pamodzi ndi mapiri ndi mitsinje. Si kutero ai. Phiri la Chikala liri pomwe makolo analipeza, ndi Shire atsikabe kuchokera ku Malombe monga kale. Koma mizere ija anailemba ndi anthu, ndipo chimene dzanja lalemba, dzanja lina likhoza kufafaniza. Ichi ndifuna kukuonetsani lero, poyamba ku Ulaya, pambuyo pache kwathu kuno, kuti tidziwe makhalidwe oyenera pa anthu a kuseri kwa malire.

Choyamba, taonani Azungu eni ache. Ambiri a ife tiyesa kuti Angerezi akhala mtundu umodzi masiku onse. Koma chisumbu chao chinagwidwa ndi Aroma m'chaka cha 43, nachilamulira iwo zaka zoposa 350. Atachoka Aroma anadza anthu a mitundu ya Angle ndi Saxon, ochokera ku maiko amene lero atchedwa Germany ndi Denmark. Ndipo dzina lija la England lichokera kwa alendo amenewa. M'chaka cha 1066 anaoloka William wa ku Normandy ndi nkhondo yache, nalanda dziko, naligawira akulu ache, ndipo zaka zambiri pa bwalo la mfumu panamveka Chifalansa. Chotero Chingerezi chimene ana athu alimbana nacho m'sukulu ndicho chinenero chosanganiza cha ogonjetsa ndi ogonja.

Apwitikizi naonso anadziwa goli. M'chaka cha 711 Aluya ndi anthu a kumpoto kwa Afirika anaoloka nyanja, nagwira dziko limenelo. Ndipo ngakhale Apwitikizi anadzapeza mfumu yao, kuyambira 1580 kufikira 1640 anakhalanso pansi pa mfumu ya Spain. Ajeremani anali maufumu ang'onoang'ono ambiri, nasanduka ufumu umodzi m'chaka cha 1871 chokha; atagonja pa nkhondo yachiwiri dziko lao linang'ambika pawiri mu 1949, nililumikizidwanso mu 1990. Dziko la Poland linagawidwa ndi anansi ache atatu, nilisowa pa mapu kuyambira 1795 kufikira 1918. Ndipo ku chigawo cha Alsace, munthu wobadwa mu 1865 amene anakhala zaka 80 anabadwa Mfalansa, nayesedwa Mjeremani mu 1871, Mfalansanso itatha nkhondo ya 1918, nagwa m'manja mwa Ajeremani mu 1940, nafa Mfalansa. Koma iyeyo sanasamuke pa khomo pache, nalimabe munda womwewo.

Chachiwiri, tibwere kwathu. Chigwa chino cha Shire chinali cha Amaravi, m'masiku a Kalonga ndi Lundu, ndipo okhalamo anali Anyanja ndi Amang'anja. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje uno m'chaka cha 1859, Ayao anali kulowa kuchokera kum'mawa. Ndipo posachedwa maina a Kawinga, Liwonde ndi Mponda ndiwo anamveka kuno. Angoni a Maseko, ochokera kutali kumwera, anakhazikika ku Domwe, natsira nkhondo kufikira tsidya la Shire mu 1884. Onani, Mzungu asanalembe mzere uli wonse, dziko lino linali litasintha kale eni.

Pamenepo Azungu awiri analimbirana chigwa chino. Apwitikizi ananena kuti nchao, popeza anakhala pa Zambezi zaka mazana; Angerezi ananena kuti nchao, popeza Livingstone anayendamo ndipo anthu ao anamanga ku Blantyre. M'chaka cha 1889 Serpa Pinto anakwera ndi asilikali a Apwitikizi, namenyana ndi Amakololo kunsi kwa Shire. Ndipo mu Disembala chaka chomwecho ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda, kumpoto kwa ife kuno, motetezedwa ndi Apwitikizi. Koma pa 11 Januwale 1890 boma la ku London linatumiza mau aukali ku Lisbon, kuti asilikali aja abwerere. Apwitikizi pokhala ochepa mphamvu anamvera. Pa 11 Juni 1891 maiko awiriwo analemba pangano la malire, ndipo mwezi womwewo ansembe aja anachoka kwa Mponda. Kukadapanda kalata ija ya ku London, kapena ana a pa Ulongwe pano akadaphunzira Chipwitikizi. Ndipo pa kulemba pangano limenelo sanaitane Kawinga, kapena Mponda, kapena mfumu ina iri yonse ya kuno.

Mzere umenewo unapita pa Chiuta ndi pa Chilwa, nusiya Ayao ena uko ndi ena kuno. Kumadzulo unatsata mtunda wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, nudula Angoni a Maseko pakati, Domwe natsalira kwa Apwitikizi. Kumeneko ku Angonia kuli Ulongwe winanso, amene Apwitikizi anamutcha Vila Coutinho. Anthu ache alankhula chinenero chathu chomwechi, adya nsima monga ife, koma ana ao awerenga Chipwitikizi ndi athu Chingerezi.

Nanga eni mzerewo ali kuti lero? Ajeremani amene anagwira kumpoto kwa nyanja anamenyana ndi Angerezi pa Karonga mu Seputembala 1914, ndi makolo athu ambiri anafa posenza mtengatenga wa nkhondo imeneyo. Itatha, Ajeremani analandidwa dziko lonselo. Dziko lino linatchedwa British Central Africa, mu 1907 Nyasaland, mu 1953 linamangidwa m'chitaganya ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo pa 6 Julayi 1964 linakhala Malawi. Apwitikizi anachoka ku Mozambique mu 1975. Ngakhale boma lathu lomwe lasintha: linali Kasupe, linakhala Machinga, ndipo mu 1998 ife a tsidya lino tinagawidwira ku Balaka.

Chachitatu, tiphunzirepo chiani? Sindinena kuti tipeputse malire. Iai, malire ndiwo lamulo, ndipo Ulaya atiphunzitsa kuti kusuntha malire ndi mfuti kudya anthu osawerengeka. Koma ndinena kuti mzere wa pa pepala usalowe mu mtima. Pamene Alomwe anathawa msonkho ndi thangata la Apwitikizi, nafika kuno ndi mitolo pamutu, ena anawatonza ndi maina onyoza. Lero adzukulu ao ndiwo abale athu. Pamene nkhondo inakula ku Mozambique, anthu monga miliyoni imodzi anathawira kuno, kufikira mtendere unalembedwa ku Rome mu 1992. Ndipo midzi yambiri inawapatsa malo ndi moto, pakuti madzi saiwala khwawa. Chimenechi ndicho ulemu wa dziko lino, tisachitaye.

Chifukwa chache, pakauka mlandu wa munda kapena wa ukwati, asapezeke mwa inu wonena kwa mnzache, Iwe ndiwe wobwera. Anenayo afunse agogo ache kumene anachokera, kaya ku Domwe, kaya kum'mawa kwa Chiuta, ndipo adzakhala chete. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Ndi inu aphunzitsi, pamene muimika mwana patsogolo pa mapu, musamuonetse mizere yokha. Mumuuze chaka chimene unalembedwa mzere uli wonse, ndi amene anaulemba, ndi anthu okhala mbali zache zonse ziwiri. Mukatero adzakula wokonda dziko lache, wosanyoza mnansi wache. Ndipo tsiku limene mlendo adzaima pa khomo pache ali wotopa, adzayamba kumtungira madzi, nadzafunsa za kwao pambuyo.