MANO ATHU NDI KUNENEPA KWA THUPI



Kwathu kuno mayi akanenepa timati banja lamuyanja. Koma lero tifuna kukumbutsana kuti kunenepa kopitirira muyeso ndi kuonongeka kwa mano zimayendera limodzi, china chimakoka chinzake.

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerenga kuti munthu amafunika mano osachepera 20 kuti azitafuna bwino. Tsono mano akumbuyo akayamba kugwedera ndi kuguluka, mayi amasiya chimanga chootcha, mtedza wokazinga, magwafa ndi ndiwo zamasamba. Amathawira ku zofewa: mandasi, masikono, tiyi wothira shuga wambiri ndi zakumwa za m'botolo. Zimenezi zimangomezeka osatafuna kwenikweni. Pamapita mphindi pafupifupi 20 kuti thupi lizindikire kuti lakhuta, choncho wodya mongomeza amadya zambiri asanamve kukhuta. Uku thupi likunka linenepa, uku shuga uja akubowola mano otsalawo.

Chinanso ndi ichi: anthu onenepa kwambiri amavutika kawirikawiri ndi chiseyeye, ndiponso matenda a shuga sachedwa kuwapeza. Shuga akachuluka m'magazi, nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi. Nazo nkhama zodwala zimachititsa kuti shugayo avute kutsika.

Nanga tichite chiyani, amayi?

Choyamba, tizitsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka usiku tisanagone.

Chachiwiri, tichepetse shuga. Mu 2015 a WHO analangiza kuti ndi bwino koposa kusapitirira masupuni aang'ono 6 pa tsiku. Botolo limodzi la Coca-Cola lapitirira kale muyeso umenewo.

Chachitatu, tikaona magazi pa mswachi tipite ku chipatala msanga. Tisadikire kuti dzino litigoneke ndi maso mpaka alizule.

Chachinayi, amene mano anatha kale tisawazoloweze tiyi ndi mandasi. Tiwadulire masamba ang'onoang'ono, tiwaphikire nyemba zofewa, mtedza tiwasinjire.

Mthiko uli m'manja mwathu, amayi. Chimene tiphika ndi chimene banja lonse lidye. Tikafika kunyumba tikayambe ndi supuni ya shuga ya mawa m'mawa.