Manja Ambiri Amene Anakongoletsa Ilha de Moçambique



Pa chaka chokumbukira zaka 100 za parokia, maso a anthu amathamangira ku makoma a tchalitchi ndi ku maina a ansembe amene anayamba ntchito. Nkoyenera kutero. Komabe khoma lililonse lili ndi mmisiri wake, ndipo kawirikawiri dzina la mmisiriyo sililembedwa. Mzinda wakale wa Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, uphunzitsa bwino za anthu otere.

Mzindawu uli pa kachisumbu ka m'nyanja yamchere, kotalika makilomita 3 okha. Aluya ndi Aswahili ankachitapo malonda Vasco da Gama asanafikepo m'chaka cha 1498. Pambuyo pake Apwitikizi anausandutsa likulu la dziko, ndipo unakhala likulu kufikira 1898. Anthu a mitundu yambiri anakumana pamenepo: Amakhuwa eni dziko, Aluya, Amwenye ndi Azungu, mtundu uliwonse ndi luso lake.

Oyamba kuwatchula ndi amisiri a miyala. Kumpoto kwenikweni kwa chisumbu kuli kachalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, komangidwa mu 1522, kamene kawerengedwa ngati nyumba yakale koposa mwa nyumba za Azungu zimene zikalipo kumwera kwa dziko lapansi. Pafupi pake pali linga la São Sebastião, loyambidwa mu 1558. Anajambula mamangidwe ake ndi akatswiri a kutali, koma miyala yambiri inaphwanyidwa ndi kusenzedwa ndi anthu akuda, ambiri a iwo akapolo. Popeza pa chisumbupo madzi abwino ndi osowa, amisiri anamanga madenga afulati kuti mvula yogwa pamwamba itsikire m'nkhokwe za madzi. Motero kukongola kwa nyumbazo kunabadwa pamodzi ndi nzeru yopulumukira ku ludzu.

Achiwiri ndi osema mitengo. Woyenda m'tinjira ta mzinda wa miyala aona zitseko zolemera zokhala ndi mphuthu zozokotedwa maluwa ndi masamba, monga achitira Amwenye ndi Aswahili. M'nyumba ya São Paulo, imene Ayezuwiti anaimanga mu 1610 kuti ikhale sukulu yao, ndipo pambuyo pake inakhala nyumba ya abwanamkubwa, muli mipando, makama ndi matebulo osemedwa ku Goa ndi ku maiko ena. Pafupi ndi tchalitchi cha Misericórdia pali nyumba yosungiramo zinthu zopatulika, ndipo pakati pa zikho ndi zifanizo zochokera kunja muli mtanda wa Ambuye wosemedwa ndi mmisiri wa Chimakonde. Mtanda umenewo uchitira umboni kuti mpeni wa mwana wa dziko lino ungathe kulalika masautso a Kristu monga ulalikira wa ku Ulaya.

Chakumwera kuli mbali ina ya mzinda, yotchedwa makuti, dzina la masamba a kokonati ofolerera nyumba. Nyumba zambiri za kumeneko zili m'munsi mwa msewu, chifukwa zinamangidwa m'maenje m'mene munakumbidwa miyala yomangira mzinda wa olemera. M'maenje amenewo ndimo mukhala anthu ochuluka a pa chisumbu, ndipo ndimo luso likali lamoyo. Kuli oluka makuti, odziwa kusanja tsamba pa tsamba kuti dontho lisalowe ndi kuti nyumba izizizira nthawi yotentha. M'mphepete mwa nyanja muli okhoma ngalawa za matanga. Kuli osula siliva, opanga ndolo, mphete ndi tinyolo tosalala ngati ulusi. Kulinso anyamata otola mikanda yakale mumchenga wa pa gombe naitunga kuti agulitse kwa alendo.

Luso lomveka koposa ndi la amayi. Gule wao wa tufo anachokera ku miyambo ya Chisilamu. Amayi avala makapulana ofanana ndi mipango yofanana, nakhala m'mizere, nagwedeza mapewa ndi manja pamodzi molingana ndi ting'oma ta m'manja, kwinaku akuimba za chipembedzo, za ukwati ndi za zochitika m'dziko. Pankhope adzola musiro, phala loyera lopangidwa popera kamtengo pa mwala ndi madzi pang'ono. Mtsikana saphunzira zimenezi m'buku: aphunzira pokhala pambali pa amayi ake ndi azakhali ake.

Olemba ndakatulo anasiya maina ao. Luís de Camões anakhala pa chisumbuchi kuyambira 1567 mpaka 1569, ndipo Rui Knopfli anatulutsa buku lake A Ilha de Próspero mu 1972. Francisco Xavier Woyera nayenso anakhalapo miyezi ingapo pa ulendo wake wa ku India, mu 1541 ndi 1542. Koma wosenza mwala, woluka denga ndi mayi woyamba kuphunzitsa tufo, maina ao anapita ndi mphepo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mbiri yolembedwa nthawi zambiri ikumbukira mutu umodzi wokha.

Mu 1991 bungwe la UNESCO linaika chisumbuchi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ulemu umenewu suletsa mchere wa m'nyanja kudya makoma, kapena namondwe wonga Gombe wa mu 2022 kusasula madenga. Malata akulowa m'malo mwa makuti, ndipo pamene makuti aleka kufunidwa, mwana wa woluka safunanso kuphunzira. Khoma logwa lingamangidwenso ngati ndalama zapezeka, koma luso lofera m'manja mwa nkhalamba silibwerera.

Parokia inonso ili ndi amisiri ake: oumba njerwa, opala matabwa a mabenchi, osema ng'oma za kwaya, oluka mphasa, amayi oumba mbiya ndi osoka nsalu za pa guwa. Ena a iwo akali moyo, ndipo ena adzukulu ao akumbukira maina ao. Chaka chino ndi nthawi yabwino yakuti mainawo afunsidwe m'miphakati yonse ndi kulembedwa m'buku la parokia, ndiponso kuti mmisiri aliyense wokalamba apatsidwe mnyamata kapena mtsikana womuphunzitsa.

Mulungu, amene anadzaza Bezalele ndi nzeru za ntchito zamanja, adalitse amisiri onse a dziko lino.