MAU A MLEMBI PA ZA MAKINA OWONA MITSEMPHA YA M'DISO

Amayi anzanga a Mvano pano pa Mulanje Mission, tikupempha makutu anu pang'ono pa nkhani ya malungo aakulu, amene amakomola ana athu makamaka nthaŵi ya dzinja.

Ambiri a ife timayesa kuti mwana akakomoka, ndipo m'magazi mwake mwapezeka tizilombo ta malungo, basi ndi malungo omwewo. Si nthaŵi zonse ai. M'chaka cha 2004 Dr Terrie Taylor ndi anzake ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre analengeza za ana 31 amene anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo. Atawapima bwino, 7 mwa iwo anapezeka kuti chinawapha ndi china. Tizilombo tinalimo ndithu, koma sindito tinawapha.

Nanga dokotala angasiyanitse bwanji mwana akali moyo? Ubongo sangautsegule, koma diso limaulula. M'chaka cha 1993 Dr Susan Lewallen analongosola zimene anawona m'kati mwa maso a ana otere ku Blantyre komweko. Kumbuyo kwa diso kuli timitsempha ta magazi tonga ta mu ubongo. Malungo akafika poipa, magazi odwala amakanirira m'timitsemphamo, ndipo tina timasiya kufiira n'kuyamba kuyererako. Pena pamawoneka maŵanga oyera, pena timadontho ta magazi.

Vuto ndi lakuti odziŵa kuwona zimenezi ndi oŵerengeka m'Malaŵi muno. Ndicho chifukwa chake kampani ya ku America ya VisionQuest inakonza nzeru ya kompyuta yotchedwa ASPIRE, ndipo anaiyesa kuno kwathu. Namwino amadontheza mankhwala m'diso kuti litseguke bwino, najambula m'kati mwake ndi kamera yaing'ono. Tsono kompyuta imalondola mtsempha uliwonse ndi nthambi zake, monga munthu wotsata Likhubula kapena Ruo kuchokera m'phiri, niyang'ana pamene mtundu wasintha. Nzeruzo inazitenga pa zithunzi zambiri zimene madokotala a maso anayamba aziika zizindikiro. Ife tikuti ndi mwana wa sukulu wakhama, koma mphunzitsi wake ndi dokotala yemweyo.

Phindu lake ndi ili: diso likapezeka loyera bwino, achipatala amadziŵa kuti afunefune msanga matenda ena, monga oumitsa khosi, amene mankhwala a malungo sangachize.

Choncho amayi, achipatala akapempha kuyang'ana kapena kujambula m'diso la mwana wodwala, tisakane poopa kuti achita khungu. Kuwala kwa kamerayo sikupweteka, ndipo mankhwala odonthezawo amatha mphamvu okha. Tikamayenda m'midzi kuzonda odwala, tiwauze anzathu kuti mwana wokomoka asamuthire kanthu m'maso kapena kumufukiza utsi, koma amubereke usiku womwewo kupita naye ku chipatala.